Momwe mungapangire katuni yotsanzira nyimbo kuti milomo izigwirizana ndi mawu

Anthu ambiri oyamba kupanga katuni yoseketsa yotsanzira nyimbo amagwa pa malo omwewomwewo. Wina amajambula masabata atatu, poti aike nyimbo n'kupeza kuti katuni ikutsegula pakamwa pomwe woyimba wakhala chete, ndipo pomwe woyimba wakweza mawu iyo yatseka milomo ngati yakwiya. Wina amathera mphamvu pa masekondi 20 oyambirira n'kugwa ulesi. Wina amamaliza bwinobwino koma kungoika pa YouTube vidiyo yatsekedwa chifukwa biti ndi ya eni ake. Mavuto awiri oyambawo gwero lake ndi limodzi, kuyamba ndi zojambula mawu asanathe. Mawu ndi amene amalamula, zojambula zimangotsatira pambuyo, ndiye tiyeni tiyende nazo mu ndondomeko yomweyo.

Zoyenera kukhala nazo musanayambe

- Foni, tabuleti kapena laputopu. Iliyonse ikwanira bola ikhale ndi malo osungira zinthu.
- Pulogalamu yojambulira katuni: FlipaClip ngati muli pa foni, Krita, Pencil2D kapena OpenToonz ngati muli pa kompyuta. Zitatu za pa kompyutazi ndi zaulere.
- Yorekodera mawu ndi kupangira biti: BandLab imagwira pa foni ndi pa kompyuta pomwe, Audacity ndi ya pa kompyuta.
- Yolumikizira vidiyo: CapCut, Shotcut kapena Kdenlive.
- Mahedifoni a waya. A waya ndithu, chifukwa chake ndifotokoza pa sitepe 4.
- Maiki. Ya pa foni imatha ntchito ngati chipinda chili chete.
- Kope ndi pensulo.
- Katuni imodzi yoseketsa ya pa TV yomwe muli nayo pa DVD kapena pa fayilo, ndi VLC yoonerapo. Iyi ndiye mphunzitsi wanu.

Sitepe 1: Sankhani nyimbo, kenako sankhani chomwe tikusekapo

Nyimbo ikhale yoti munthu akangomva masekondi asanu waizindikira kale, apo ayi anthu aziona ngati ndi nyimbo yanu yatsopano ndipo nthabwala yafa isanabadwe. Chimene chimaseketsa mu parody, kutanthauza nyimbo yotsanzira inzake moseketsa, ndi kugundana kwa zinthu ziwiri, nyimbo ikulemera ndi chisoni kapena matama pomwe nkhani yake ndi kanthu kakang'ono ka tsiku ndi tsiku, ndipo woyimbayo akuyimba ndi mtima wonse ngati dziko likutha. Lembani nthabwala yanu mu chiganizo chimodzi. Mwachitsanzo: munthu akulira maliro a foni yake yomwe yatha moto usiku. Ngati chiganizo chimodzicho sichikukusekeretsani ngakhale pang'ono, zojambula sizidzachipulumutsa.

Chenjezo: musatenge nyimbo yonse. Vesi imodzi ndi kolasi basi, masekondi 60 mpaka 90. Masamu ake muwaona pa sitepe 5 ndipo mudzandithokoza.

Sitepe 2: Lembani mawu mukuwerenga maphatikizo

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni ndipo ambiri amapathamangira. Lembani mzere wa nyimbo yoyambirira kumanzere kwa tsamba, muwerenge maphatikizo ake ndi zala, kumanja mulembe mzere wanu wokhala ndi maphatikizo ofanana ndendende. Tinene kuti nyimbo ikuti (mzerewu ndangoupeka kuti tionerepo):

Wandisiya ndekha usiku, moyo wanga ukulira

Chigawo choyamba chili ndi maphatikizo 9, chachiwiri 8. Wanu ukhoza kukhala:

Wandithera moto usiku, foni yanga ikulira

9 ndi 8 chimodzimodzi. Taonaninso kuti ndasunga "wandi" koyambirira, "usiku" pakati ndi "kulira" kumapeto, ndiye khutu la womvera likumva nyimbo yomwe akuidziwa pomwe mutu wake ukumva zina, ndipo "kulira" kwasintha tanthauzo pakokha, foni imalira ikamatha moto eti. Mawu a matanthauzo awiri ngati amenewa muziwasaka dala, ndi chuma.

China choti muyang'ane ndi pomwe woyimba amakoka mawu. Ngati akukoka "a" kwa masekondi awiri inu mwaikapo "i", mzerewo umamveka wothina ndipo poyimba muvutika. Yesetsani kuti lembo la liwu lomwe lili pa noti yaitali likhale lomwelo. Ndipo mawu oseketsa kwambiri aikeni kumapeto kwa mzere, anthu amaseka pomwe pali kampata kopumira.

Chenjezo: musakanikize maphatikizo 11 pa malo a 9 n'kumati ndidzayimba mothamanga. Zimamveka, komanso milomo yake pojambula ikakusautsani.

Sitepe 3: Pangani biti yanu

Musatenge instrumental, biti yopanda mawu, ya eni ake pa intaneti, ndipo musagwiritse ntchito timapulogalamu tochotsa mawu a woyimba n'kusiya zing'wenyeng'wenye, chifukwa chotsalacho chikadali chojambulidwa cha eni ake ndipo makina a YouTube otchedwa Content ID amachizindikira msanga. Tsegulani BandLab, ikani ng'oma, bass ndi kiyibodi, mutsanzire kayendedwe ka nyimboyo ndi manja anu kapena mupemphe mnzanu woyimba zida. Sichifunika kufanana zedi. Ngakhale "Weird Al" Yankovic, woyimba wa ku America amene wakhala akupanga ma parody kuyambira zaka za m'ma 1970, amaimba zida zonse mwatsopano ndi bandi yake, komanso amayamba wapempha chilolezo kwa mwini nyimbo.

Ndinene poyera apa kuti kupanga biti yanu sikukupatsani umwini wa nyimboyo. Pali zinthu ziwiri zotetezedwa ndi lamulo, chojambulidwacho ndi kapekedwe ka nyimbo. Inu mwapewa choyamba chokha. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko: ku America khothi lalikulu linagamula mu 1994, pa mlandu wa Campbell ndi Acuff-Rose Music, kuti parody ikhoza kuloledwa ngakhale ndi yogulitsa, ku United Kingdom anaika chilolezo cha parody mu lamulo lawo mu 2014, koma si dziko lililonse lili ndi zimenezi. Ngati mwini nyimbo ndi wofikirika mulembereni, uthenga umodzi waulemu umapulumutsa zambiri.

Pomwe mukupanga biti, onani liwiro lake, nambala ya BPM, yomwe imasonyeza kuti biti ikugunda kangati pa miniti. Ngati nyimbo yoyambirira ili pa 118 kapena 122, yanu ikani 120. Ngati ili pa 92, ikani 90. Khutu silidzamva kusiyana koma pojambula zikuthandizani kwambiri, muona posachedwapa.

Sitepe 4: Rekodani mawu, mukamaliza musawakhudzenso

Lowani m'chipinda chokhala ndi makatani, matiresi kapena zovala zambiri, zimameza phokoso lobwerera. Valani mahedifoni kuti biti isalowe mu maiki. A Bluetooth amachedwetsa mawu pang'ono, ndiye mumayimba mukuganiza kuti muli pa biti pomwe muli kumbuyo kwake, n'chifukwa chake ndinati a waya. Maiki ikhale kutalika ngati chikhatho chimodzi kuchoka pakamwa, mopendekera pang'ono kuti mpweya wa "p" ndi "ph" usamaphulike. Kamzere kosonyeza kukwera kwa mawu kazifika cha m'ma -12 mpaka -6, kakafika pofiira mawu ang'ambika ndipo sakonzekanso.

Yimbani ngati munthu wa mu nkhaniyo, osaseka. Rekodani katatu kapena kanayi musankhe yabwino. Mawu ena onse, kukuwa, kuusa moyo, kulira kwa foni, chitseko, ikaniponi panopa. Mukatero tulutsani mafayilo awiri a mawu a mtundu wa WAV pa 48 kHz: imodzi ya nyimbo yonse, ina ya mawu okha opanda biti, zonse ziyambire pa sekondi imodzimodzi. Ya mawu okhayo ndi yomwe muzigwiritsa ntchito pojambula milomo chifukwa mafunde ake amaoneka bwino pomwe liwu likuyambira.

Chenjezo lalikulu kuposa onse: mukayamba kujambula, fayilo imeneyi yatsekedwa. Ine ndinasinthapo mzere umodzi pakati pa vesi nditajambula kale, kamzereko kanatalika ndi theka la sekondi, zonse za kutsogolo kwake zinasuntha ndipo ndinabwereza ntchito ya masiku angapo. Makatuni ambiri a pa TV omwe mumaonera aja amayamba ndi ochita sewero kurekoda mawu, ojambula amabwera pambuyo.

Sitepe 5: Chitani masamu a mafulemu

Filimu imayenda pa mafulemu 24 pa sekondi, kutanthauza zithunzi 24 zotsatizana, koma makatuni ambiri chithunzi chimodzi amachisiya mafulemu awiri, ndiye zimakhala zithunzi 12 pa sekondi. Inunso ikani pulojekiti yanu pa 12. Miniti imodzi ndi mafulemu 720, nyimbo ya maminiti atatu ndi 2160, mwaona chifukwa chomwe ndimati vesi ndi kolasi basi.

Tsopano gawani 720 ndi BPM yanu, yankho ndi mafulemu a kugunda kumodzi kwa biti. Pa 120 BPM ndi mafulemu 6. Pa 90 ndi 8. Pa 80 ndi 9. Koma pa 100 mupeza 7.2, nambala yosagawika bwino, ndiye kuvina kwa katuni kumayamba pa biti kenako n'kumasemphana nayo pang'onopang'ono. Nambala yanu ilembeni pa kope ndi malembo akuluakulu, mutu ukagwedezeka kapena phazi likaponda zizichitika pa mafulemu amenewo.

Sitepe 6: Jambulani timitengo kaye

Musanajambule chilichonse chokongola, pangani vidiyo yonse ndi zithunzi za timitengo, mutu wozungulira ndi mizere ya manja. Mzere uliwonse wa nyimbo chithunzi chimodzi kapena ziwiri, muziike pa timeline, mzere wa nthawi wa mu pulogalamu, pamwamba pa nyimbo muonere. Akatswiri amaitcha animatic, ndipo ma DVD ena a The Simpsons ali nazo mu zowonjezera, mukaipeza onerani muone momwe nthabwala imagwirira ntchito zithunzi zisanapakidwe n'komwe utoto.

Apa ndi pomwe mumatsanziranso vidiyo ya nyimbo yoyambirira. Onerani kawiri katatu mulembe zizindikiro zake: kodi woyimba amayenda pang'onopang'ono mu mvula, amayang'ana pa windo, kamera imamuzungulira, pali ovina kumbuyo? Tengani zitatu zodziwika kwambiri muzitembenuze. Munthu wathu uja akhoza kugwada mu mvula atanyamula chaja m'mwamba, ovina kumbuyo n'kukhala masoketi a magetsi. Chithunzi chiziwonjezera nthabwala yachiwiri pamwamba pa mawu, chisamangobwereza zomwe mawu anena kale.

Onetsani anthu awiri timitengoto. Pomwe sanaseke konzani panopa, pakadali potchipa.

Sitepe 7: Dulani munthu wanu m'zidutswa

Ichi ndi chinsinsi cha makatuni a pa TV, ndipo mukhoza kudzionera nokha. Tsegulani katuni yanu ija mu VLC, imitsani pomwe wina akulankhula, muzidina batani la E, limasuntha fulemu imodzi imodzi. Pa YouTube ya pa kompyuta mukaimitsa vidiyo, batani la mpatuliro ndi la mpumiro amachita zomwezo, lina kubwerera lina kupita kutsogolo. Muona kuti thupi laima osasuntha kwa masekondi angapo, zikuyenda ndi milomo, maso akuphethira mwa apo ndi apo, mwina dzanja limodzi. Situdiyo ya Hanna-Barbera inkaveka anthu ake ambiri kolala kapena tayi kuti mutu ulekane ndi thupi, azijambulanso mutu wokha thupi likhale lomwelo. Katuni ya South Park inayamba ndi mapepala odula ndi sizasi ndipo mpaka pano imasunga maonekedwe amenewo ngakhale imapangidwa pa kompyuta, anthu amasekabe.

Ndiye chitani chimodzimodzi. Chidutswa chilichonse chikhale pa layer yake, ma layer ali ngati mapepala oonekera osanjikizana: layer ya malo akumbuyo payokha, thupi payokha, mutu wopanda milomo payokha, maso payokha, milomo payokha, dzanja lomwe lizisuntha payokha. Ngati pulogalamu yanu ikukupatsani ma layer ochepa, phatikizani thupi ndi mutu koma milomo isaphatikizidwe ndi china chilichonse. Munthuyo akhale wosavuta, woti mutha kumujambula mu miniti imodzi, mizere yokhuthala ndi mitundu itatu kapena inayi. Pa kuvina jambulani kugwedezeka kwa kugunda kuwiri kokha, pa 120 BPM ndi mafulemu 12, kenako koperani muzimata mobwereza kolasi yonse.

Chenjezo: musabwereke anthu a m'makatuni otchuka. Ali ndi eni ake ngati momwe nyimbo ilili ndi eni ake, mukhala mwadzisenzetsa milandu iwiri. Pekani wanu.

Sitepe 8: Milomo

Apa Chichewa chimatikomera, malembo a liwu ndi asanu okha ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa limodzi mwa iwo. Jambulani milomo 7 basi, kamodzi kokha, muisunge:

1. Yotseka, ya m, b, p, ndi mb, mp, komanso pomwe munthu wakhala chete
2. Yotsegula kwambiri, ya a
3. Yotsegula pakatikati, ya e
4. Yotambasuka mano akuoneka, ya i, imagwiranso pa s, z, t, d, ch
5. Yozungulira, ya o
6. Yosongoka kang'ono, ya u ndi w
7. Mano a m'mwamba pa mlomo wa m'munsi, ya f ndi v

Ikani fayilo ya mawu okha ija, muziyendetsa chala pa timeline pang'onopang'ono mukumvetsera. Yambani ndi yotseka, pezani m, b ndi p aliyense mu mzere wonse muikepo, chifukwa diso la woonera limakhululuka zambiri koma silikhululuka munthu wonena "moto" milomo ili yasa. Kenako ikani malembo a liwu. Zotsalazo zisiyeni, simufunika mlomo wa lembo lililonse. Pa "moto" zikhala: yotseka, o, yotambasuka fulemu imodzi, o. Pomwe mawu akuthamanga dumphani ena, apo ayi pakamwa pazingonjenjemera.

Kachinsinsi kena: mlomo uzitsogola ndi fulemu imodzi liwu lisanamveke. Munthu weniweni amakonza pakamwa kaye mawu n'kutuluka, ndiye mukaika ndendende pa fulemu ya liwu zimaoneka ngati zachedwa. Mukamaliza mzere n'kuona kuti china chake sichili bwino koma simukudziwa chiyani, sunthani layer yonse ya milomo fulemu imodzi kumanzere, kawirikawiri vuto limathera pomwepo. Pa noti yaitali musasiye mlomo uli gwa, jambulani "a" wachiwiri wosiyana pang'ono muzisinthanitsa, mutu upendekere m'mwamba, maso atsinzine. Zimenezi ndi zomwe zimachititsa kuti katuni ioneke kuti ikuyimba osati kungolankhula.

Amene muli pa kompyuta mukhoza kuyesa Papagayo kapena Rhubarb Lip Sync, zimathandiza kuika milomo, koma pa mawu oyimba okokedwa mudzakonzabe ndi manja, ine ndimaona kuti pa masekondi 60 kuchita nokha kumafulumira.

Sitepe 9: Lumikizani ndi kutulutsa

Gawo lililonse litulutseni palokha, mulowetse mu CapCut kapena Shotcut, pansi muike WAV ya nyimbo yonse ija. Pulojekiti ikhale pa mafulemu 24. Mukaisiya pa 30 zithunzi zanu za 12 sizigawika mofanana, china chimakhala mafulemu awiri china atatu, kuyenda kumaoneka kodukiza. Dulani kuchoka pa chithunzi china kupita china pa kugunda kwa biti. Ikani mawu olembedwa m'munsi, ambiri amayamba kuonera foni ili chete, komanso mu parody mawu akaphonyeka nthabwala yapita.

Tulutsani MP4, H.264, 1920 x 1080 ngati ndi yopingasa, 1080 x 1920 ngati ndi yoimirira ya TikTok kapena Shorts. Zoti ikhala yopingasa kapena yoimirira mukhale mutasankha kale pa sitepe 6. Onerani pa zipangizo ziwiri, kamodzi pa sipika ya foni, ngati mawu akumira mu biti tsitsani biti.

Sitepe 10: Kuika pa intaneti

Pa YouTube ikani kaye ngati private, yoti muziiona inu nokha, mudikire iunike za umwini. Ikabwera Content ID claim musanjenjemere, imeneyo si strike, nthawi zambiri zimangotanthauza kuti ndalama za malonda zipita kwa mwini nyimbo kapena vidiyo sioneka m'maiko ena. Strike ndi ina, imabwera mwini akapempha kuti vidiyo ichotsedwe, imakhala masiku 90 ndipo zikakwana zitatu tchanelo chimatsekedwa. Musatsutse claim mwaukali musanamvetse lamulo, kutsutsa kukhoza kufikitsa nkhani ku strike. Mufunsidwanso ngati vidiyo ndi yopangidwira ana. Kukhala katuni sikutanthauza kuti ndi ya ana, yankhani zoona malinga ndi omwe mwawapangira, ndipo dziwani kuti mukati ndi ya ana makomenti amatsekedwa.

Zolakwika zomwe zimabwerabwera

Kulemba kuti "nyimbo si yanga" m'munsi mwa vidiyo. Kutchula mwini ndi ulemu wabwino ndipo muzitero, koma sikukutetezani ku chilichonse.

Kuyamba ndi chizindikiro cha tchanelo cha masekondi 10. Anthu apita kale. Nyimbo iyambe pa sekondi yoyamba ndipo nthabwala yoyamba igwe mzere woyamba usanathe.

Kuthera nthabwala zonse mu vesi, kolasi n'kumangobwereza chithunzi chomwecho. Mawu a kolasi abwereze koma chithunzi chizikula, poyamba akulira yekha, kachiwiri nyumba yonse ikulira naye.

Kugwiritsa ntchito MP3 pojambula kenako WAV polumikiza. MP3 imakonda kuwonjezera kachete kochepa koyambirira, milomo yonse n'kusuntha. Mafayilo akhale a WAV omwewo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chimodzimodzi mukasakaniza ndi vidiyo yojambula pa kamera ya foni, mafoni ambiri liwiro la mafulemu limasinthasintha ndiye mawu amayamba bwino n'kumasemphana kumapeto, idutsitseni kaye mu HandBrake musankhe constant framerate.

Kutembenuza parody kukhala chitonzo. Kuseka kavalidwe ka mu vidiyo, kavinidwe kapena matama a mu nyimbo ndi zabwinobwino, koma kunamizira woyimba mlandu kapena matenda, kapena kuseka chilema chake, kumeneko ndi kuipitsa mbiri ya munthu ndipo kukhoza kukufikitsani ku khothi.

Kusasunga ntchito. Mapulogalamu a pa foni amasunga pulojekiti mkati mwawo, mukachotsa pulogalamuyo kapena foni ikawonongeka zonse zapita. Mukamaliza gawo lililonse litulutseni mulikopere malo ena, ndipo milomo 7 ija pamodzi ndi zidutswa za munthu wanu muzisunge ngati PNG zopanda chakumbuyo mu foda yakeyake, vidiyo yachiwiri mudzangozitenga n'kuyambira pa sitepe 8 mawu akangotha.